Alamu Anga, Alikate ndi Utsi wa pa Mlatho

Loweruka lapitali ndinadzuka mtima uli mbee. Ndinali ndi kantchito kamodzi kokha, kosafuna n'kuvula malaya komwe.

Galimoto yanga ndi yakale. Aneba anga kuno ku dera lathu la Mateus Sansão Muthemba amaizindikira ndi kulira kwake isanatulukire n'komwe. Wailesi yake ndi yomwe inabwera nayo pobadwa. Ili ndi batani lolembedwa kuti CD, koma polowetsera chimbale palibe. Batanilo limadikira kabokosi kapadera kamene amakaniko a ku ofisina amati kaisha. Umaikamo zimbale zingapo nthawi imodzi, n'kukabisa pansi pa mpando, iwe n'kumasintha nyimbo uli pa chiwongolero.

Vuto n'lakuti si kaisha iliyonse imene imamvana ndi wailesi iliyonse. Imafunika yakeyake. Ndinaifunafuna mpaka kutopa, kenako ndinakaipeza ku sukata ina ya ku Mpadue, kumene amaphwasula magalimoto owonongeka, m'galimoto yofanana ndi yanga imene inaphwanyika kutsogolo. Inali yathunthu, chingwe chake chilipo, kumapeto kwake kuli fisha, pulagi yozungulira yokhala ndi timano tambirimbiri. Ntchito yonse inali kusolola wailesi, kulowetsa fishayo kumbuyo kwake, n'kudutsitsa chingwe pansi pa kapeti. Basi.

Ndikudziwa, ena mwayamba kale kuseka. Zimbale masiku ano? Bwanji osagula wailesi yatsopano yolowa kafulashi ngati anthu ena onse? Ndikuyankheni. Ndili ndi katoni yodzaza zimbale za makwaya a kwathu ku Tsangano, zina zoti pa foni simungazipeze ngakhale mutafufuza usana wonse. Chinanso, wailesi yakale palibe wakuba amene amaiswera galasi. Mnzanga wina anaika yatsopano yowala mitundumitundu, lero amayenda akuimba yekha ndi pakamwa.

Ndiye ndili pabwalo, sikuludiraiva ili m'manja, mayi a Telima anatulukira pakhomo.

"Bambo a Telima, mukufuna kugwira mawaya nokha? Achimwene akamva aziti chiyani?"

"Ndi kungolowetsa fisha, mayi."

"Ndawaimbira kale. Akubwera."

Apa ndifotokoze pang'ono, kuti muone msampha umene ndinagweramo. A Zefa ndi achimwene awo a mkazi wanga. Ndiwo anawalera banja litabwerako ku Malawi nkhondo itatha, makolo atamwalira. Ntchito yawo ndi ya magetsi a m'nyumba, ndipo nyumba zambiri za m'dera lathu zimayaka ndi manja awo. Koma chachikulu n'chakuti ndiwo ankhoswe a ukwati wathu. Tikayambana m'nyumba muno, nkhani imakathera kwa iwo. Mwana wathu Telima akadzapeza wom'funsira, woyamba kuuzidwa adzakhala malume ake, omwewa.

Munthu wotero ungamuuze kuti sakudziwa chimene akuchita? Ukamuuza n'kukwiya, ukadandaula kwa yani? Funso limeneli ndi limene landisowetsa mtendere sabata yonse ino.

Anafika pa njinga yamoto, chikwama cha zida chili kumsana.

"Kunyadu, mlamu wanga! Mwayamba liti kugwira mawaya ife tili moyo?"

"Ayi alamu, n'kantchito kochepa. Fishayi ingolowa apa."

"Tabweretsani kuno."

Fisha ija ili ndi kamphako kamodzi kosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba. Alamu anaigwira chozondotsa. Anakankha, osalowa. Anakankhanso, osalowa. Ine thukuta linayamba kutsika.

"Alamu, kapena mutaitembenuza pang'ono..."

"Epa, kunyadu. Ine ndinayamba ntchito imeneyi inu mukuthamangitsa mbuzi ndi kabudula wobooka. Khalani apo muphunzire."

Anatulutsa alikate, chopanira chawo chija chimene sasiyana nacho ngakhale ku maliro, n'kuifinya fisha ija kuti ilowe mokakamiza. Timano tonse tinapindika. Anaiyang'ana, n'kupukusa mutu momvera ine chisoni.

"Si yake iyi. A ku sukata akupusitsani. Koma musadandaule, tidizenrashikara, tipeza njira."

Ndisanatsegule pakamwa, alikate inali itadya kale chingwe. Fisha imene ndinaisakasaka mzinda wonse inagwera m'fumbi, yophwanyika, galu wathu n'kubwera kudzainunkhiza.

Zimene zinatsatira ndinkazionera ngati munthu woonera mbuzi yake ikusendedwa ndi mpeni wobuntha. Anasenda mawaya a kaisha. Anasendanso mawaya a galimoto kuseri kwa wailesi, amene anakhala bwinobwino zaka zonsezi osalakwira munthu. Wofiira anaupota ndi wofiira, wakuda ndi wakuda. Otsalawo, a mitundu imene sanaimvetse, ankawakhudzitsa ku chitsulo kuti aone wothetheka. Wina unathethekadi, magetsi onse a m'kati n'kuzima.

"Fuzivelo yapsa," ndinatero, mtima ukuti mwina apa aimira.

Kwa amene simudziwa, fuzivelo ndi kachidutswa kakang'ono kamene ntchito yake ndi kupsa. Mawaya akagundana molakwika, iko kamapsa msanga kuti galimoto isapse. Alamu anakasolola, anatenga kawaya kamkuwa, n'kukulunga pamalo pakepo.

"Fuzivelo ndi ya anthu amantha," anatero. "Izi sizidzapsanso."

Anamata zonse ndi fita yakuda, tepi ija ya magetsi, n'kuzikankhira m'kati ndi chala. Titayatsa, kaisha inayaka kagetsi kake, inati kete kete, n'kungokhala. Nyimbo osamveka. Ingamveke bwanji, pamene njira yolankhulirana ndi wailesi inali m'fisha ija?

"Ikufunika izolowere," anatero alamu akupukuta m'manja. "Pofika mawa iziimba."

Ndipo ine, bambo wamkulu wa ndevu zanga, ndinati chiyani? Ndinati, "Zikomo kwambiri alamu, mwatithandiza." Mayi a Telima anapha nkhuku. Ine ndemwe ndinathamangira ku baraka kukagula zoziziritsa kukhosi. Tinadya, tinaseka, tinawaperekeza mpaka pamsewu.

Lachiwiri masana ndinkachokera kutsidya, Telima ali pambali panga. Inu a mumzinda uno dzuwa la mwezi uno mukulidziwa, lija loti chiwongolero umachigwira ndi nsonga za zala. Fita yakuda ikakumana ndi kutentha kotero imafewa n'kuyamba kumasuka yokha. Tili pakatikati pa mlatho wa Zambezi, pamzere wa magalimoto, ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Ndinaganiza kuti ndi galimoto yakutsogolo.

"Papa, utsi!"

Unkatuluka m'timabowo ta mphepo, wakuda, wochuluka. Ndinazimitsa injini, utsi osaleka, chifukwa waya umene unkapsawo unkachokera ku batire mwachindunji ndipo kawaya kamkuwa ka alamu kanali katagwira zolimba, monga analonjezera. Ndinamukankhira mwana panja. Pa mlatho palibe popatukira. Kumbuyo mahutala ali piii piii, wina akutukwana m'Chinyungwe, wina m'Chipwitikizi. Ndinatsegula boneti, ndinamenya mutu wa batire ndi sipanala ya matayala mpaka unaguluka. Zala ziwiri zili ndi matuza mpaka lero.

Telima anaima m'mbali mwa chitsulo cha mlatho, pansi pake madzi okhaokha. Sindinachitepo mantha otero. Mantha atatha, chinabwera ndi mkwiyo, ndipo sunachokebe.

Anthu achifundo anatithandiza kukankha mpaka kutsika mlatho. Mawa lake galimoto inakokedwa kupita ku Nhartanda, kwa mayi wina wogulitsa zida zakale za magalimoto, Dona Rozita. Anasuzumira kuseri kwa wailesi, n'kutulutsa mtolo wa mawaya osungunuka, ataugwira ndi zala ziwiri.

"Mbani adachita bzimwebzi?" anafunsa m'chinenero chawo. Ataona kuti ndikuzengereza kutchula wolakwa, anasinthira ku chathu. "Ndikuti, amene wachita izi ndi mdani wanu kapena m'bale wanu?"

"M'bale."

"Ndinadziwa. Akanakhala mdani mukanabwera mukukuwa, polisiya ali pambuyo. Mwabwera mwakachetechete ngati mwaba ndinu." Analoza pakona pamene panali mulu wa mawaya akuda opsa. "Mukuona apo? Zonsezo ndi za abale."

Ndinaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Tsopano tiyeni tikambirane, inu ndi ine. Sindikufuna kunyoza kudizenrashikara, luso lathu lija lopeza njira pamene njira palibe. Linatisunga. A Zefa anaphunzira mawaya nthawi imene m'sitolo munalibe kanthu, pamene babu limodzi linkayatsidwa ndi waya wotoledwa kudzala. Nthawi imeneyo wodikira chida choyenera ankagona mumdima. Amene anadutsa m'zimenezo ndimawapatsa ulemu wawo.

Koma nthawi ija inapita, dzanja lokha ndi limene linatsalira komweko. Lero chida choyenera chili patebulo, chathunthu, munthu n'kuchidula dala kuti apote mawaya, chifukwa kwa iye ntchito yopanda kudula si ntchito. Kulowetsa fisha mwana aliyense angathe. Ndiye ulemu wa mmisiri uonekera pati?

Komabe dzanja lodulalo silindipsetsa mtima kwambiri. Chondipsetsa mtima ndi pakamwa pothokoza.

Taganizani bwino. A Zefa si munthu woipa, si wabodza. Amakhulupirira ndi mtima wonse kuti chiyambire sanalakwitsepo ntchito. Angakayike bwanji? Moyo wawo wonse palibe m'bale amene anabwerera kukawauza kuti zija zinapsa. Aliyense amathokoza, amapha nkhuku, kenako amapita mozemba kwa Dona Rozita. Mulu uja uli pakona, mwini wake sanauonepo.

Ndipo musanamizire kuti ndi za banja langa lokha. Ndani mwa inu alibe khoma lopendekeka limene anamanga msuweni? Mvula ikagwa mumatchera mabeseni pabalaza, wokhoma denga akabwera kudzacheza mumabisa mabeseniwo kuchipinda. Mwana amapita kusukulu ndi yunifolomu ya mkono umodzi wautali chifukwa anasoka ndi azakhali. Mukafunsidwa mumati, "Zinakhala bwino kwambiri." Madandaulo mumakawatula m'shapa, minibasi zathu zija, kwa anthu osawadziwa, amene sangachitepo kanthu.

Timati ndi ulemu. Ulemu wanji woti munthu azikalamba akulakwitsa chinthu chimodzimodzi, tonse tikudziwa, iye yekha osadziwa? Mlendo akatiwonongera katundu timamulondola mpaka kwawo. M'bale akatiwonongera timamuwonjezera ndiwo.

Kunyumba tsiku la utsi lija, mayi a Telima anamukumbatira mwana, analira, anathokoza Mulungu. Atapukuta misozi anandiyang'ana.

"Chachikulu mwapulumuka. Achimwene musawauze, angakhumudwe. Tizingoti galimoto yakalamba."

Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kuvomera. Kukhala chete n'kokoma. Galimoto ikanakonzedwa mwakachetechete, Lamulungu alamu akanabwera kudzadya monga mwa masiku onse, zimbale zanga zikanabwerera m'katoni.

Koma Lachinayi pa chakudya, Telima anayamba kusimba za ulendo wa kwaya yawo. Akupita ku Ulongwe kukaimba pa ukwati, pa shapa ya a Bonifasiyo, mkulu wina wa kumpingo kwathu.

"Ndipo tiyenda ndi nyimbo njira yonse," anatero. "A Bonifasiyo agula zokuzira mawu. Malume akuti akaziika mawa, ngati mmene anachitira m'galimoto yathu. Awauza kuti ya apapa ikuimba bwino."

Ndinaleka kudya.

Shapa imeneyo ndimaidziwa. Chitseko chake n'chimodzi, chokoka, ndipo chimafuna munthu wakunja kuti achimenye ndi phewa chisanatseguke. Muikemo ana odzaza mpaka pakhomo, zikwama pamiyendo, msewu wautali wokwera mapiri, dzuwa lomwe lija. Ine pa mlatho ndinali ndi mwana mmodzi woti ndimutulutse, ndipo chitseko changa chimatseguka.

Ndinatenga mtolo wa mawaya opsa uja, n'kupita kwa alamu. Sindinapite mwaukali. Ndinalonjera, ndinafunsa za ana, ndinalandira madzi. Kenako ndinauika mtolowo pampando pakati pathu n'kufotokoza zonse, za utsi, za mlatho, za mwana wa mlongo wawo.

Anautembenuza uku ndi uku.

"Mawaya a galimoto yanu ndi ovunda, kunyadu. Kapena munagwirapo ine nditachoka?"

"Sindinagwirepo, alamu. Ndi kawaya kamkuwa kaja. Fuzivelo ikanakhalapo ikanapsa yokha, moto sukanabuka."

"Ndiye mukuti chiyani? Nenani bwinobwino. Mukuti sindidziwa ntchito?"

Apa ndi pamene munthu wa kwathu amayenera kuseka, kuwomba m'manja, n'kunena kuti ayi, ndani anganene zimenezo. Mawuwo anafika pakamwa okha, osawaitana. Ndinawameza.

"Ya m'nyumba mumaidziwa, alamu. Ya m'galimoto simuidziwa. Chonde, shapa ija musaigwire."

Kunja nkhuku zinkapalasa. Akazi awo, amene ankasesa pakhonde, analeka kusesa.

"Mawu ndinapereka kale kwa a Bonifasiyo," anatero osandiyang'ana. "Mawa ndikaika. Mwamaliza?"

Ndikanatani? Ndiuzeni inuyo, amene mumadziwa mwambo kuposa ine. Kuchoka pamenepo ndinalunjika kwa a Bonifasiyo, ndinawaonetsa mtolo uja ndi zala zangazi. Anangoti, "Mayo ine." Madzulo omwewo anatumiza mawu kwa alamu kuti za zokuzira mawu zayamba zaima, ana aziimba okha.

Mukudziwa mmene nkhani imayendera kumpingo. Pofika m'mawa aliyense anali atamva, ndipo inali itakula. Ena akuti galimoto inapseratu. Ena akuti ndinawatukwana alamu pamaso pa akazi awo.

Yankho lawo silinabwere kwa ine. Linadzera kwa mlongo wawo. Ndinawapeza mayi a Telima atakhala pakhomo la khitchini, foni ili pamiyendo, maso ali psuu.

"Achimwene akuti popeza mwawavula pagulu, mupeze ankhoswe ena. Akuti m'nyumba muno sadzapondamonso."

Zinandipweteka, ndisaname. Munthuyo ndimamukonda. Ndi iye anandilandira pamene ndinalibe ngakhale njinga yakapalasa, n'kuuza abale ena kuti mnyamatayu musiyeni, ali ndi mutu. Kwa mkazi wanga ndiye bambo, ndiye mayi. Sindinganene kuti misozi yawo inali yopanda pake.

"Mayi, munafuna kuti nditani? Mwana akwere shapa imeneyo?"

"Ayi! Ndani wanena zimenezo? Mukanangomuletsa Telima kupita. Tikanati wadwala malungo. Palibe akanakhumudwa."

Anayankhula mosaganiza kawiri, ngati chinthu chodziwikiratu. Ndipo n'chodziwikiratudi. Njira imeneyo ilipo, ndi yosalala, tonse tinakulira momwemo. Mwana wako umam'tsitsa mwakachetechete, chibale chimatsala chathunthu, nkhuku imaphedwa Lamulungu. Mkazi wanga si munthu wouma mtima. Ana a kwaya aja amawadziwa mayina onse, ena anawanyamulapo kumsana. Kungoti pa nthawi imeneyo sanawaone. Anaona achimwene awo.

"Nanga ana a anzathu?" ndinafunsa.

Anadzuka n'kulowa m'khitchini, ndipo mpaka pamene ndikulemba izi tikulankhulana mawu ofunika okhaokha. Wotiyanjanitsa palibe, chifukwa wotiyanjanitsayo ndi amene ndamulakwira.

Mawa m'mawa shapa inyamuka, mawaya ake osakhudzidwa, Telima ali momwemo. Ine ndataya ankhoswe, ndipo sindikudziwa ngati adzabwerere.

Koma inu amene mukupukusa mutu kuti ndinachita mwano, kuti mayi a Telima ananena zanzeru, ndikufunseni chinthu chimodzi. Mwana wanu wakwerapo kangati galimoto imene mnzanu wina, wodziwa zonse, anatsitsamo wake mwakachetechete n'kukuuzani kuti wadwala malungo?